Mkute wa pachinkhoswe unagoneka anthu 9 a nyumba imodzi

Nkhani iyi ndaisunga kanthawi, ndimafuna kaye eni ake andiloleze. Andiloleza, koma mayina ndachotsa ndipo ngakhale dera sinditchula, paja Lilongwe ndi wamkulu pamapu pokha, ukangoti chinkhoswe cha mwezi wakuti ku Area yakuti anthu adziwa kale kuti ndi kwa ndani. Ine ndine clinical officer pa kakiliniki kena komkuno. Ndikulembera anzanga a ntchito yomweyi komanso amayi amene amagwira mthiko pa zinkhoswe, pa ukwati ndi pamaliro, ndipo ndinenerethu kuti mbali ina ya nkhaniyi wolakwa ndine.

Linali Lamulungu mu Okutobala, kutentha kuja koti fani ikuzungulira koma imangokubwezera mpweya wamoto. Cha m'ma 12 koloko masana kunalowa bambo wina wa zaka za m'ma 40 atanyamula mwana paphewa, kumbuyo mkazi wake atagwira chitenje kukamwa, ndi ana ena awiri, mnyamata wa zaka 7 ndi mtsikana wa zaka 15, onse akadali mu zovala za kutchalitchi. Odwala anali anayi, bamboyo yekha ndiye anali bwino. Kusanza kunayamba cha m'ma 9 mapemphero ali mkati, woyamba anali wamng'onoyo wa zaka 3, pasanathe mphindi 30 mayi ake nawo anathamangira panja, kenako enawo. Anayi onse mu ola limodzi. Kunyumba anayamba awamwetsa kaye mkaka, ati wochotsa poizoni, mkakawo unabwerera pomwepo.

Ndisanagwire n'komwe mwana, bambo uja anandikokera pambali n'kunong'ona, "Adokotala, muwayeze bwinobwino, ine ndikuona ngati atithira." Dzulo lake kunyumba kwawo kunali chinkhoswe cha mlamu wake, mng'ono wa mayiyo, ndipo pa zokambirana panali kukokanakokana pang'ono ndi azakhali ena ochokera kumudzi. Azakhaliwo anagona komweko, m'mawa ndi amene anatenthetsa chakudya n'kugawira ana, iwo osadya, 8 koloko isanakwane anali atakwera kale minibasi. Kwa bamboyo mlandu unali utatha.

Mawu ngati amenewo ine sindiwaseka. Temik, uja timati tameki, tonse tamuonapo zomwe amachita, ndiye ndinayamba ndi zimenezo. Munthu amene wadya tameki kapena mankhwala ena a mtundu umenewo kamwana ka m'diso kamachepa ngati nsonga ya singano, dovu limachucha, thukuta kamukamu, pachifuwa pamamveka madzi, mtima umagunda pang'onopang'ono, minofu imaphiriphita. Ndinawala ndi tochi m'maso mwa onse anayi, maso bwinobwino. M'kamwa mouma, osati monyowa. Pachifuwa poyera. Mtima ukuthamanga, osati kutsika. Ndinamuuza bamboyo kuti achimwene khazikani mtima pansi, izi sizikuoneka ngati za m'botolo, koma ndinaona kuti sanakhutire.

Chachiwiri m'mutu mwanga chinali kolera, ndipo aliyense amene anagwira ntchito ku Lilongwe mu 2022 ndi 2023 sangandifunse chifukwa chake. Mliri uja unayamba mu Malichi 2022, unatenga anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, mpaka mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira. Chiyambireni nthawi imeneyo munthu akangobwera akusanza ndimafunsa kaye za chimbudzi. Apa panalibe wotsegula m'mimba ndi mmodzi yemwe, chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga chija kunalibe. Thupi silinatenthe kwa aliyense, wamng'onoyo 36.8. Malungo tinayezabe poti ndi ana, onse negative.

Ndiye funso lija timafunsa tsiku lililonse, mwadya chani? Mayi anati tiyi ndi mpunga, cha m'ma 7 m'mawa. Mpunga wa liti? Wa dzulo, wotsala pachinkhoswe, azakhali anaukazinga ndi kamafuta pang'ono ndi anyezi. Bambo inu munadya? Ayi ine m'mawa mpunga sindidya, ndinadya buledi. Nanga azakhali? Apa mtsikana wa zaka 15 uja, ali chigonere pabenchi, anayankha kuti azakhali anamwa tiyi yekha ndi buledi, anati mpunga umawapatsa tulo m'minibasi. Nanga alendo a dzulo, pali amene waimba foni kuti akudwala? Palibe. Thobwa anamwa onse, mpunga womwewo anadya onse Loweruka masana, aliyense ali bwino. Odwala ndi okhawo amene anadya mpungawo utagona, ndipo anayamba kusanza patangotha maola awiri. Pamenepo ndinali nditadziwa kale mbali yoyang'ana.

Za chithandizo sipanali zachilendo. Wa zaka 3 ndi amene anandidetsa nkhawa, makilo 13, maso atalowa pang'ono, khungu la pamimba ukalitsina likubwerera mochedwerako, koma madzi akumwa mwaphuma. Tinamuika pa Plan B, njira yobwezera madzi m'thupi pomumwetsa, mamililita 75 pa kilo iliyonse, ndiye pafupifupi lita imodzi ya Thanzi ORS mu maola 4, kumupatsa ndi supuni, akasanza kudikira mphindi 10 n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Anesi athu anakhala naye pambali ngati mwana wawo. Mayi ndi ana akuluwo ORS yemweyo wa m'kapu, momwa pang'onopang'ono. Maantibayotiki sindinalembe. Pofika 4 koloko kusanza kunali kutaleka kwa onse, mwana anakodza, anayamba kulirira foni ya bambo ake. Cha m'ma 5 ndinawatulutsa n'kuwauza kuti mpunga wotsalawo akataye, asapatse ngakhale mwana wa neba.

Kulakwa kwanga kuli pamenepo. Ndinanena za mpunga basi. Sindinafunse kuti kodi pachinkhoswepo panatsalanso chani.

Lolemba 8 koloko m'mawa ndikungofika, bambo yemwe uja ali pakhomo, ulendo uno wodwala ndi iyeyo, ali ndi apongozi ake agogo a zaka za m'ma 70, amalume ena, ndi anyamata awiri a pakhomopo. Anthu asanu. Koma matenda ake osiyana ndi adzulo, awa sakusanza, ndi m'mimba kupota kenako kutsegula kwamadzi, kuyambira cha m'ma 4 mpaka 6 m'bandakucha. Thupi losatentha, magazi m'chimbudzi mulibe, chimbudzi chake chachikasu osati choyera ngati cha kolera. Anadya chani? Lamulungu usiku cha m'ma 7, nsima yatsopano yophika pomwepo ndi nyama ya ng'ombe ya supu, ya pachinkhoswe yomwe ija. Anayi adzulo aja sanadye nawo chifukwa m'mimba munali musanakhazikike, anangomwa phala, ndipo usiku umenewo anagona bwino. Khanda la miyezi 5 la m'nyumbamo, loyamwa bere lokha, silinadwale konse.

Agogo ndi amene anafooka kwambiri. BP 95/60, mtima 110, lilime louma, chiyambire usiku osakodza, ndipo m'mawa womwewo anali atamwa kale mankhwala awo a BP, HCT, omwe ntchito yake ndi kuchotsa madzi m'thupi. Munthu akutaya kale madzi kuchimbudzi, mankhwala nawo akuchotsa ena. Tinawaika dilipu ya Ringer's lactate, HCT ndinati aime kaye masiku awiri, masana anakodza, BP inakwera, madzulo anapita kwawo akuyenda okha. Ena anayiwo ORS basi. Amalume anakwiya nane ndithu, ati adokotala mwandilipiritsa ndalama kuti mundipatse madzi amchere, ndilembereni Flagyl. Ndinakana. Kutsegula kwa mtundu uwu kumatha kokha mkati mwa tsiku limodzi, Flagyl palibe chimene akanachita kupatula kuwawitsa m'kamwa, ndipo chizolowezi chathu chomwa Flagyl ndi Bactrim wa pa okala m'mimba mukangolira ndi chimene chikupangitsa kuti tsiku lomwe mankhwalawa akufunikadi asagwire ntchito. Koma iyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Anthu awiri kapena kuposa akadwala mofanana atadya chakudya chimodzi timayenera kudziwitsa a zaumoyo, ndiye ndinaimbira HSA, mlangizi wa zaumoyo wa deralo, Lolemba lomwelo madzulo tinapita limodzi kunyumbako. Zoti titenge kupita nazo ku labu panalibe, mpunga unali utatayidwa kudzala, mapoto atatsukidwa kale akuwala pathandala. Chomwe tinatsala nacho ndi kufunsa nthawi, ndipo mayi wa pakhomopo ndi mayi wina wa kumpingo amene anatsogolera zophika anatifotokozera bwino kwambiri.

Mpunga, wa Kilombero, anaphika Loweruka cha m'ma 10 m'mawa m'masefuliya akuluakulu pamafuwa. Nyama inapsa nthawi yomweyo. Alendo anadya cha m'ma 1 mpaka 2. Zina zinakhala m'ma food warmer patebulo la akuluakulu, zina m'mathireyi. Cha m'ma 5 anthu atabalalika, atsikana anasonkhanitsa mpunga wonse wotsala, wa m'mathireyi, wa m'ma food warmer ndi wa pansi pa sefuliya, n'kuuthira mu sefuliya imodzi mpaka pafupifupi theka. Nyama chimodzimodzi, mu poto wake wamkulu, supu yambiri. Nyemba mu wina. Anavundikira bwinobwino, pamwamba n'kuyalapo chitenje ndi kutsamiza mwala kuopa mphaka ndi mphemvu, n'kuika m'kakhitchini ka panja kamalata, pafupi ndi mbaula yomwe inali isanazime. Filiji m'nyumbamo ilimo, yaing'ono, koma inali yodzaza ndi zakumwa ndi nkhuku zosaphika, magetsi nawo anazima madzulo kubwera pakati pa usiku, komanso mayiyo anati anamva kuti chakudya chotentha chimapha filiji. Olo akanafuna, sefuliya ija mu filiji simukanalowa.

Kenako mayi wa kumpingo uja ananena chinthu chomwe sindidzaiwala, ndipo ananena modzitchinjiriza. Anati, "Koma adokotala chakudyacho chinasungika bwino, m'mawa nditavundukula ndinapisa dzanja pakati pa mpunga, munali mukadali kofunda." Kwa iwo kufundako kunali umboni woti zinthu zili bwino. Kwa ine yankho lonse linali pomwepo.

Mabakiteriya oyambitsa matenda a m'chakudya amaswana pakati pa madigiri 5 ndi 60. Pansi pa 5 amagona, pamwamba pa 60 sachulukana, pakatipo ndiye kwawo, makamaka pofunda ngati thupi la munthu. Zikawayendera amawirikiza kawiri mphindi 20 zilizonse, kutanthauza kuti kamodzi kokha pakatha maola 7 kasanduka opitirira 2 miliyoni. Kambale kakang'ono ka chakudya kamazizira msanga. Sefuliya yodzaza theka, yovundikira, yofunditsa chitenje, pansi pa malata mu Okutobala, pakati pake pamakhala pofunda usiku wonse. Mpunga uja kuchoka pamoto 10 koloko Loweruka kufika m'kamwa mwa mwana 7 koloko Lamulungu ndi maola 21. Nyama kufika Lamulungu usiku inali itadutsa maola 30. Bungwe la WHO limati chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri.

Wina afunsa kuti nanga si chinaphikidwa, tizilomboto tachokera kuti? Pa mpunga nthawi zambiri ndi Bacillus cereus. Ameneyu amakhala m'dothi, amabwera ndi mpunga womwewo kuchokera kumunda, ndipo akakhala pouma amadzitsekera m'kachikopa kolimba ngati njere, timati ma spore. Kuphika kumapha mabakiteriya ena onse koma ma spore sapsa. Mpunga ukayamba kuzizira amadzuka, apeza m'poto muli iwo okha opanda wolimbana naye, amaswana n'kutulutsa poizoni wotchedwa cereulide m'chakudya momwemo. Poizoni ameneyu moto samuopa, amapirira madigiri 121 kwa ola ndi theka, pomwe madzi obwata pambaula safika n'komwe pamenepo. Ndiye azakhali aja olo akanaukazinga mpungawo mpaka kupserera, ana akanasanzabe. Zizindikiro zake ndi zomwe tinaonazo, nseru ndi kusanza pakati pa mphindi 30 ndi maola 6, thupi losatentha, tsiku lisanathe munthu wachira. Ambiri zimathera pomwepo. Koma sikuti ndi kamasewera, ku Belgium mu 2008 mnyamata wa zaka 20 anamwalira atadya spaghetti yemwe anakhala pamtunda masiku 5, anamutenthetsa ndithu asanadye, poizoni yemweyu anawononga chiwindi. Palinso Staphylococcus aureus, wochokera m'manja, m'mphuno ndi pa zilonda za ogwira chakudya, nayenso amasanzitsa msanga ndipo poizoni wake sapsa. Mpunga uja unadutsa m'manja ambiri posonkhanitsa, ndiye ameneyunso ndinamuganizira, koma uphungu wake ndi umodzimodzi.

Gulu lachiwiri nkhani yake ikugwirizana ndi Clostridium perfringens, mwini wake wa mapoto akuluakulu a nyama ya supu. Nayenso ali ndi ma spore osapsa, sakonda mpweya ndiye pansi pa supu yokhuthara ndi pabwino kwa iye, ndipo pa madigiri a m'ma 43 mpaka 45 amawirikiza mwina mphindi 10 zokha. Kusiyana kwake ndi kwakuti uyu poizoni amakatulutsira m'matumbo munthu atamumeza wamoyo ali wambiri, n'chifukwa chake zimatenga maola 6 mpaka 24, ndipo kumakhala kupota ndi kutsegula, kusanza kochepa kapena osasanza. Athu aja zinawatengera maola 9 mpaka 11. Apa ndiye moto ukanathandiza. Nyama ija ikanabwata ndithu mpaka pakati, kutakasa, kupitirira madigiri 70 paliponse, ambiri mwa iwo akanafa. Koma Lamulungu lija makala anali atatha ndi chinkhoswe, m'mawa anangoifunditsa pa otsala, madzulo anaikanso pambaula nsima itapsa moto ukuzirala, mafuta apamwamba atangosungunuka anati yatentha. Kufunditsa kotero ndi kuwapatsanso bulangete.

Chomwe chinandipweteka ndi cha nyemba. Nyemba zinasasa, zinachita thovu, ndiye anataya m'mawa womwewo popanda wofunsa. Nyama agogo analawa okha, anati inali bwinobwino, fungo labwino, supu yokoma kuposa dzulo. Ndipo sananame. Tizilombo tosasitsa chakudya ndi tina, todwalitsa ndi tina, ndipo todwalitsati nthawi zambiri sitisintha fungo, mtundu kapena kakomedwe. Chomwe chinanunkha chinapita kudzala osapweteka munthu, chomwe chinkanunkhira ndi chimene chinagoneka agogo pa dilipu. Mphuno ndi lilime pa nkhani iyi musazidalire, funsani kuti chachoka pamoto nthawi yanji ndipo chagona pati.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena pofika apa, chifukwa amalume aja anandiuza pamaso. Ati ife takula ndi mkute, nsima yogona ndi tiyi tikupita kusukulu, bwanji sitinafe? Inenso ndakula nawo, mtanda wozizira wowotcha pamakala ndimaukonda mpaka lero, sindinama. Koma taganizani bwino. Mtanda umodzi kapena iwiri m'mbale imazizira msanga, si sefuliya ya anthu 100. Mkute wa mu Juni, usiku kukuzizira mpaka nthawi zina pansi pa madigiri 10 kuno ku Lilongwe, si wofanana ndi wa mu Okutobala m'nyumba yamalata. Komanso tinene zoona, tinkatsegula m'mimba kangati tili ana, n'kumati ndi mango, ndi mano akumera, ndi madzi achilendo? Palibe amene ankawerenga. WHO itawerenga mu 2015 inapeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni pa dziko lonse amadwala ndi chakudya, 420,000 amamwalira, mwa iwo 125,000 ndi ana osakwana zaka 5, ndipo Africa ndi kumene mtolowu ukulemera kwambiri. Nsima nayo ndi chakudya cha ufa, Bacillus cereus saikana. Sikuti mkute uliwonse udwalitsa, koma tsiku lomwe wakupeza sudziwiratu.

Sindingauze mayi wa ku Mtandire kapena ku Chinsapo kuti gulani filiji, ndingakhale ngati sindikhala m'dziko lino. Ndipo kutaya chakudya ufa uli pa mtengo umenewu ndi zowawa, pakhomo paja anagula nyama ndi ndalama zosonkha. Zomwe ndinawauza ndi zoti angakwanitse. Pa mwambo, chotsala chigawidwe tsiku lomwelo chikadali chotentha, aneba, anyamata omanga tenti, alendo popita atenge kuti akadye madzulo omwewo, osati kusonkhanitsa mu sefuliya imodzi kudikira mawa. Zotsala m'mathireyi momwe mwadutsa manja ndi masupuni a anthu zisabwererenso mu poto. Mpunga popanda filiji usagone, pamenepo sindinyengerera, ndi bwino kuphika kawiri pang'onopang'ono kusiyana ndi kuphika thumba lonse m'mawa. Food warmer ndi wa maola ochepa a phwando, chakudya chikangofika poti nthunzi yasiya kutuluka chili kale m'dera loopsa lija, si malo ogonekamo ndiwo.

Ndiwo za nyama pali njira ya makolo ija, kubwatitsa usiku, kuvundikira osapisamonso supuni, m'mawa kubwatitsanso. Maganizo anga ndi akuti imachepetsa ngozi ndithu ngati poto ndi wamng'ono, waikidwa pozizira osati pafupi ndi mbaula, ndipo m'mawa wabwatadi mpaka kuchita thovu paliponse, kutakasa, osati kungosungunula mafuta. Kubwatitsa kwa usiku ma spore sikuwapha, amadzukanso poto akamazizira, chomwe chimapulumutsa ndi cha m'mawacho. Ndipo ndi usiku umodzi basi, kutenthetsa kamodzi, osati Loweruka mpaka Lamulungu usiku. Nyama yokazinga mpaka kuuma kapena yowamba imapirira kuposa yosambira mu supu. Olo zitatero, mwana wosakwana zaka 5, mayi woyembekezera, agogo, ndi munthu amene chitetezo chake chatsika, amenewa aphikireni chatsopano, ngakhale phala chabe.

Amene muli ndi filiji, chakudya chilowe maola awiri asanathe, mpunga ola limodzi ndi bwino. Musaike poto wonse, gawani m'makontena osaya kuti chizizire msanga, mukafuna muyambe mwaika kontenayo m'beseni la madzi ozizira. Chakudya chofunda pang'ono filiji sichiipha. Zosaphika pansi, zophika pamwamba. Magetsi akazima filiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, firiza yodzaza imatha kufika masiku awiri, ndiye ana asamangotsegula kufuna madzi ozizira. Akazima usiku wonse, ndiwo zophika zija muzione ngati zagona panja.

Kwa anzanga a m'makiliniki, phunziro langa ndi lija ndanena kale. Ndinapeza mpunga n'kusangalala kuti ndagwira wakuba, osafunsa za mapoto ena. Funso limodzi lokha, "panatsalanso chani, chili kuti pano?", likanapulumutsa anthu asanu, ndipo pano ndimafunsa aliyense wobwera ndi nkhani ya phwando kapena maliro. Chinanso, lembani nthawi. Anadya nthawi yanji, anayamba nthawi yanji, ndani anadya, ndani sanadye. Kusanza kwa maola ochepa popanda kutentha thupi, ganizani poizoni wopangidwa kale m'chakudya. Kupota ndi kutsegula patatha theka la tsiku, ganizani mapoto a nyama. Kutentha thupi kapena magazi m'chimbudzi ndi nkhani ina, Salmonella kapena kamwazi, chimbudzi choyera chosalekeza ndi kolera mpaka mutatsimikiza kuti si iyeyo. Ndipo a kunyumba ndimawauza zoti asadikire nazo, mwana akakana kumwa kapena kuyamwa, akamasanza chilichonse, akafooka ngati akugona, maso akalowa, munthu akasiya kukodza, kapena magazi akaoneka, kabaza pompo. Thanzi akasowa usiku, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mulu ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, kwinaku mukubwera. Mwana wotsegula m'mimba timawonjezera zinc masiku 10 mpaka 14.

Lachitatu ndinaimba foni, onse 9 anali bwino, agogo ayambiranso mankhwala awo a BP, wamng'ono uja wabwerera ku nasale. HSA anazungulira nyumba zoyandikana, panalibe wina wodwala, madzi awo ndi a pampopi.

Yovuta inali ya azakhali. Lamulungu lomwe lija ndili kalikiliki ndi ORS, bambo uja anali atatumiza kale voice note pa gulu la WhatsApp la banja, mawu ake sindibwereza, ndipo inafika mpaka kumudzi. Ndinakhala naye pakhonde pake tinajambula pa pepala, mzere wa odya mpunga, mzere wa odya nyama, mzere wa odya buledi. Dzina lake linali mu mzere wa buledi limodzi ndi azakhaliwo. Ndinamufunsa kuti achimwene, Lamulungu m'mawa inunso simunadye ndipo simunadwale, tinene kuti munathira ndinu? Nanga nyama ija, azakhali anali atafika kale kwawo, anakudwalitsani ali kuti? Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati pepalalo ndimusiyire.

Sabata yatha mayi aja anabwera ndi khanda ku sikelo. Ukwati wa mng'ono wawo uli mu Disembala, akuti komiti ya zophika yagwirizana kuti mpunga aphika kawiri, ndipo pa bajeti aikapo makontena a takeaway oti alendo anyamuliremo zotsala. Ankhoswe anapita kumudzi ndi nkhuku ndi pepala lija. Azakhali nkhuku analandira, koma za ukwati akuti aona kaye.